Funsani Azakhali: Lamba, foni ndi mwana wosamva

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi nkhani imodzi, ya kulanga ana. Ndasankhapo anayi. Maina ndachotsa monga mwa masiku onse, ndipo makalata aatali ndawadulako.

*

Azakhali,

Ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe ndipo ntchito yanga ndi ya ukalipentala. Mwana wanga woyamba ndi wamwamuna, ali ndi zaka 11, ali mu Sitandade 6. Mwanayu wandithetsa nzeru. Mukamutuma makala kapena sopo, chenji sabweza chonse, ndipo mukamufunsa amalumbira mpaka kutchula Mulungu, maso ali gwa, kuti zinthu zakwera. Mwezi watha ndinatulukira kuti anajomba kusukulu masiku atatu, ankakakhala koonetsa mafilimu kumsika. Ine sindinyengerera mwana. Kuyambira ali wamng'ono ndimamukwapula ndi lamba, ndipo sabata ino yokha ndamukwapula kawiri. Mayi ake akuti ndikumuononga, koma iwonso akamulephera amati "dikira abambo ako abwere." Ine bambo anga ankandimenya ndi chikoti ndipo lero ndine munthu. Baibulo nalonso limanena za ndodo. Kodi ndionjezere chilango, kapena mwanayu ndi chibadwa chake?

Bambo wa ku Area 25

Bambo, mwachita bwino kulemba. Abambo ambiri safunsa munthu, amangomasula lamba.

Musaonjezere. Mwanayu mwakhala mukumumwetsa mankhwala amodzimodzi kuyambira ali kamwana, matenda akungokulirakulira, ndiye lero mukufunsa ngati mungamumwetse botolo lonse. Tawerenganinso kalata yanuyi. Simunanene kuti mwana wasiya kubisa chenji. Mwanena kuti waphunzira kulumbira maso ali gwa. Lamba wagwiradi ntchito, koma si ntchito imene munamutuma.

Zimenezi ena anazifufuzapo bwino. Mu 2011, akatswiri awiri a ku Canada, Victoria Talwar ndi Kang Lee, anatulutsa zomwe anapeza pa sukulu ziwiri za m'dera limodzi kumadzulo kwa Africa. Pa sukulu ina ana ankakwapulidwa ngakhale pa tizifukwa ting'onoting'ono ngati kuiwala pensulo. Pa inayo ankangodzudzulidwa ndi pakamwa kapena kukhazikidwa pambali. Anatenga tiana ta zaka 3 ndi 4, n'kuika chidole kumbuyo kwa mwana aliyense, n'kumuuza kuti asacheuke, wamkulu n'kutuluka panja. Ana ambiri anacheuka, a sukulu zonse ziwiri, poti mwana ndi mwana. Kusiyana kunaoneka powafunsa kuti, "Kodi unacheuka?" Ku sukulu yosamenya ija, opitirira theka pang'ono ananama. Ku sukulu ya ndodo, pafupifupi onse ananama, ndipo bodza lawo linali lokhwima: powafunsanso mochenjera kuti akuganiza kuti chidolecho n'chiyani, ankadziwa kudzibisa kuti asagwidwe, luso limene kawirikawiri limapezeka mwa ana okulirapo. Ndodo sinaletse kucheuka. Inangonola bodza.

Ine ndinaphunzitsa kupulayimale kuyambira masiku amene mphunzitsi ankalowa m'kalasi choko dzanja lino, ndodo ya bulugamu dzanja linalo, mpaka inabwera sukulu yaulere mu 1994 ana n'kudzaza pansi pa mitengo. Ana ochokera m'nyumba za lamba sankasowa. Mphunzitsi akakhalapo ndiwo anali zii, manja pamiyendo. Angotuluka kupita ku ofesi, ndiwo ankatsina tiana ndi kulanda zigumu za anzawo. Ndiwonso anali akatswiri osayina lipoti m'malo mwa makolo, osandutsa 3 kukhala 8. Mwana wotere sadzifunsa kuti, "Kodi ichi n'chabwino?" Amadzifunsa kuti, "Kodi alipo akundiona?" Funso limenelo amakula nalo, amakalowa nalo ntchito, amakalowa nalo m'banja.

Mukuti bambo anu ankakumenyani ndi chikoti ndipo lero ndinu munthu. Sindikukana kuti ndinu munthu. Koma takumbukirani zina zomwe zinali pakhomo limenelo. Anakuphunzitsani kugwira khasu ndani? Munkathawira kwa ndani mukamenyedwa? Kumudzi mwana ankakhala ndi agogo omubisa kuseri kwa chitenje, malume omuitana kukakamba naye pansi pa mtengo, azakhali omupatsa mbatata yootcha misozi ili m'masaya. Ankakhala ndi makolo kumunda tsiku lonse akumva nkhani zawo. Chikoti chinali kanthu kamodzi pakati pa zinthu zambiri, ndipo ine ndimakhulupirira kuti zinazo ndizo zinakupangani munthu. Mwana wanu ali m'tauni, amakuonani m'mamawa ndi usiku basi, ndipo pa zonse zija mwamusungirako chikoti chokha. Mufunsenso za anzanu amene munkamenyedwa nawo. Alipo amene anathawira ku maesiteti a fodya akadali aang'ono osabwereranso kusukulu. Alipo amene mpaka lero sakhala pamphasa imodzi ndi bambo awo. Amenewo salemba makalata onena kuti anakula bwino.

Mu 2016, Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka pafupifupi 50 wokhudza ana oposa 160,000. Sanapeze umboni woti kukwapula kumakonza khalidwe. Anapeza kuti ana okwapulidwa kawirikawiri ndiwo amakhala andewu, osamvera ndi ovutika maganizo. Mwina munena kuti zimenezo n'za azungu. Kafukufuku wina wa mu 2005, wotsogoleredwa ndi Jennifer Lansford, anayang'ana maiko 6, Kenya ndi India ali momwemo. Kumene kumenya ana kuli chizolowezi cha aliyense, kuipa kwake kunkachepako, mwina chifukwa mwana sadziona ngati wodedwa yekha. Koma sikunkatha. Konseko, ana omenyedwa kwambiri ndiwo anali andewu ndi ankhawa kuposa anzawo.

Za Baibulo mukakambe ndi abusa anu, ine si mbusa. Ndingoti Miyambo 13:24 imene mukuiganizayo ikudzudzula kholo lolekerera mwana, ndipo ine sindikukuuzani kuti mumulekerere. Koma buku lomwelo, pa Aefeso 6:4 ndi pa Akolose 3:21, likulankhula ndi atate mwachindunji kuti asakwiyitse ana awo, angataye mtima. Mavesi awiriwa sindiwamva kawirikawiri pakamwa pa anthu ogwira lamba.

Muitaneni tsiku limene simunakwiye. Mumuuze kuti teremu ino lamba akhala m'chiuno mwanu, koma pali lamulo latsopano: akalakwa n'kunena yekha zoona, chilango chichepa, akanama, chiwirikiza. Mawu amenewo muwasunge, chifukwa adzakuyesani. Tsiku loyamba limene adzaulule kanthu, mtima wanu udzawira, dzanja lidzayabwa. Mukadzamumenya tsiku limenelo, simudzamvanso zoona kwa iye mpaka adzamere ndevu.

Chilango chizifanana ndi mlandu. Wabisa K500? Abweze. Ndinu kalipentala: Loweruka abwere kushedi, apale matabwa ndi sandipepa mpaka ndalamayo ikwane, muziwerengera limodzi. Kumeneko adziwa kuti K500 imatuluka bwanji, komanso akhala nanu maola angapo popanda wina kukuwa. Mumufunsenso, osati ngati wapolisi, kuti ndalamazo amagulira chiyani. Nthawi zambiri yankho limakhala mandasi kapena zigege pa buleki, poti anzake amagula iye akumeza malovu. Ngati mungathe, muzimupatsa kangachepe pa sabata poyera, kakekake, kakatha katha.

Za kujomba, pitani nokha kusukulu, musatume mayi ake. Kaonaneni ndi aphunzitsi a kalasi yake, ndipo madzulo mumupatse buku awerenge mokweza inu mukumva. Ana ambiri amene ndinawaona akujomba mu Sitandade 5 ndi 6 anali oti maphunziro alowa m'Chingerezi iwo asanagwire bwino kuwerenga, ndiye m'kalasi ankangochita manyazi tsiku ndi tsiku. Ena ankachedwa, n'kuona kuti kuli bwino kubisala tsiku lonse kusiyana ndi kukalandira chilango pageti. Mwana wotere mukamukwapula musanafunse, mwakwapula pachabe.

Mayi akunyumba nawo ali ndi mbali yawo. Mawu oti "dikira abambo ako abwere" amaononga anthu awiri. Mayi amadzichotsera yekha mphamvu, ndipo bambo amasanduka munthu amene ana akangomva kutsokomola kwake panja amabalalika. Gwirizanani malamulo ochepa, atatu kapena anayi, ndipo amene waona cholakwa ndiye alange nthawi yomweyo.

Chibadwa chilipo, inde. M'nyumba imodzi mumabadwa mwana woti kungomuyang'ana walira kale, ndi wina nkhutukumve. Koma nkhutukumveyo ndiye woopsa kumulera ndi lamba, chifukwa salira msanga, ndiye kholo limachoka pa lamba kupita pa payipi, pa payipi kupita pa waya wa magetsi. Kalata yotsatirayi ikuonetsa kumene zimathera.

*

Azakhali,

Ndimachita lendi ku Ndirande, m'nyumba za mdadada. Mayi woyandikana nane akusunga mwana wa malemu mchemwali wake, kamtsikana ka zaka 7. Sabata yatha anakatentha dzanja pa mbaula chifukwa kanatapa ndiwo mumphika. Bala alimanga ndi kansalu, kuchipatala sanapite nako, kusukulu sikakupita. Usiku timakamva kakubuula. Ndikuopa kulowerera za eni, tingadane, komanso iwo amati akukaphunzitsa khalidwe. Nditani?

Mayi wodandaula, Ndirande

Mayi, inu ndinakuyankhani kale tsiku lomwe kalata inafika, chifukwa iyi si nkhani yodikira magazini. Ndikuiika pano chifukwa cha ena amene akumva kubuula kotereku kuseri kwa khoma n'kukhala chete.

Kutentha mwana si kulanga. Ndi mlandu. Imbani 116, nambala yaulere ya Tithandizane yomwe amayendetsa a YONECO, kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi ya kwanuko, ndipo mungathe kupempha kuti dzina lanu lisatchulidwe. Ku chipatala cha Queens kuli malo a Chikwanekwane, kumene mwana wochitidwa nkhanza amaonedwa ndi achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu pamalo amodzi. Lamulo la Child Care, Protection and Justice la mu 2010 limalola apolisi, a zachisamaliro, ngakhale mfumu, kuchotsa mwana pamalo oopsa n'kumusunga pabwino. Musachedwe. Bala la moto padzanja likakhalitsa limachita mafinya, ndipo likapola lokha zala zimatha kupindika osatambasukanso.

Kafukufuku wa boma wa mu 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti anyamata pafupifupi awiri mwa atatu alionse, ndi atsikana awiri mwa asanu, anachitidwapo nkhanza za pathupi asanakwanitse zaka 18. Zambiri mwa izo zimachitikira m'nyumba zimene anansi amamva zonse. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma timaunena mwambiwu pamene mwanayo wapambana mayeso kapena wapeza ntchito. Ukugwiranso ntchito usiku umene akubuula.

Ndipo kamwana ka zaka 7 kotapa ndiwo mumphika si kakuba, kali ndi njala. Amene abwere kudzaona nkhaniyi muwauze afunse kuti kamadya nthawi yanji, ndipo kamadyera mbale imodzi ndi ana a m'nyumbamo kapena kamadikira zotsala.

*

Azakhali,

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Ana anga awiri ndinawasiya ndi mayi anga ku Mulanje. Wamkulu ndi mtsikana wa zaka 14, ali Fomu 1. Ine ndinakula movutika, mayi anga anali aukali kwambiri, ndipo ndinalumbira kuti ana anga sadzaona zomwe ndinaona. Chilichonse chimene apempha ndimatumiza: foni, nsapato, zovala, ya bandulo. Ndalama zapakhomo ndimatumizanso pa foni yake poti agogo ake sadziwa kuigwiritsa ntchito. Tsopano satunga madzi, sasesa, Loweruka amadzuka dzuwa lili pamutu, ndipo agogo ake akamutuma amati "ndalama ndi za amayi anga." Chodabwitsa, mayi anga omwe ankandimenya ine aja, iye samunena kanthu, amangoti "msiyeni ndi mwana." Kusukulu watsika. Ndikamukalipira pa WhatsApp amandibuloka, ndiye ndimayamba ndine kupepesa. Ndalakwa pati?

Mayi wa ku Joni

Mwana wanga, kalata yanu ndi ya bambo a ku Area 25 ndaziika pamodzi mwadala. Iwo ali ndi lamulo lopanda chifundo, inu muli ndi chifundo chopanda lamulo, ndipo nonse mwandilembera mukulira.

M'zaka za m'ma 1960, mayi wina wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, Diana Baumrind, anayang'anitsitsa mabanja ndi ana awo aang'ono, n'kuona kuti makolo amagawika patatu. Pali olamula mwaukali, a "chifukwa ndanena ine." Pali olekerera, achikondi koma osadziwa kukana. Ndiye pali ena olimba pa lamulo koma ofatsa mtima, amene amafotokoza chifukwa cha lamulolo ndi kumvetsera mwana akamayankha. Mu 1983 Eleanor Maccoby ndi John Martin anaonjezapo gulu lachinayi, la makolo amene salamula komanso sasamala. Ana a gulu lachitatu lija ndiwo ankaoneka odzidalira ndi odziletsa. Ana a makolo olekerera, amene munthu angaganize kuti ndiwo odala, ndiwo ankavutika kudziletsa ndi kupirira chinthu chovuta. Mabanjawo anali a ku America, koma ana otere ndinali nawo m'kalasi: samu ikangovuta pang'ono cholembera pansi, walakwa ndi mphunzitsi, mawa bambo abwera kudzakalipa.

Anthu ambiri amaganiza kuti kholo labwino ndi lomenya pang'ono, kulekerera pang'ono. Si choncho. Pali mafunso awiri osiyana. Kodi mwana akudziwa kuti mumamukonda? Kodi akudziwa kuti mukati ayi ndi ayi? Onse awiri atha kuyankhidwa kuti inde, mokwanira, popanda lina kuchepetsa linzake. Mwana wanu funso loyamba akulidziwa mwa theka, chifukwa muli kutali. Lachiwiri akudziwa kuti ayi wanu amatha akangokubulokani masiku awiri. Mukumbukire Adoniya pa 1 Mafumu 1:6. Bambo ake, Davide, sanamufunsepo n'kamodzi komwe kuti wachitiranji chakuti, ndipo mnyamatayo anakula mpaka kudzilonga yekha ufumu bambo ake akadali moyo.

Ndikuuzeni mosabisa: zomwe mukutumizazo si mphatso, ndi chipepeso. Mukulipira mtunda wa pakati pa Johannesburg ndi Mulanje, ndipo mtsikanayu wazindikira kuti mtima wanu umakutsutsani. Si mwana woipa. Wangopeza pofewa.

Mayi anu musawaimbe mlandu. Pachikhalidwe chathu agogo ndi mdzukulu ndi anthu a nthabwala. Agogo aakazi amatcha mdzukulu wamkazi "mkazi mnzanga," wamwamuna "amuna anga." Kwa agogo n'kothawira, kulanga inali ntchito ya makolo ndi malume. Inu mwawapatsa ntchito imene mwambo sunawapatse, kenako mwawalanda ndi chida chomwe. Taganizani: ndalama ya ufa, ya sopo, ya mankhwala awo, yonse ikudutsa m'manja mwa mwana wa zaka 14. Mayi wachikulire amene akupempha ya mchere kwa mdzukulu angamutume bwanji kumjigo? Choyamba kukonza ndi chimenecho, mwezi uno. Ndalama zizifika kwa mayi anu. Akhoza kukatenga okha ndi chiphaso chawo cha unzika, kapena mudzere mwa mbale wamkulu amene mumamukhulupirira.

Kwanu ku Mulanje mbumba imakhala ndi mwini. Ngati muli ndi mlongo, muimbireni. Akhale pansi ndi mtsikanayu ndi agogo, inu muli pa foni, malamulo anenedwe kamodzi onse akumva. Foni izigona kwa agogo ikakwana 8 koloko usiku. Madzi ndi mbale ndi zake, asanagwire foni. Lipoti la teremu iliyonse mulione. Zapamwamba zizibwera potsatira lipoti ndi umboni wa agogo, osati potsatira kulira.

Koma pano mvetserani bwino. Musadule zonse nthawi imodzi. Mtsikana wa zaka 14 amene wazolowera ndalama akadulidwa mwadzidzidzi, pali amuna pagolosale ndi pa siteji ya kabaza amene amadikira otere. Sopo, mafuta odzola, mapadi ndi zonse za kusukulu zisasowe, ndipo zisasanduke chilango ngakhale atalakwa chotani. Zodula ndi za manyado: nsapato yachitatu, bandulo ya usiku. Mupemphenso mayi wina wa kumpingo kapena azakhali ake amene amamasuka nawo kuti azicheza naye, chifukwa pa msinkhu umenewu pali zimene sangauze agogo kapena malume.

Muikenso tsiku loimbirana, Lamlungu lililonse nthawi yomweyomweyo, ndipo pa foni imeneyo za ndalama zisakambidwe. Mufunseni za anzake, za aphunzitsi, za zomwe zamuseketsa sabata imeneyo. Mumuuzenso za inu: nthawi imene mumadzuka, mabafa amene mumatsuka, kachipinda kamene mumagona. Ana ambiri a anthu a ku Joni amaganiza kuti ma Rand amatoledwa mumsewu, chifukwa zithunzi zomwe makolo amatumiza n'za tsiku lopuma, atatchena, ataima kutsogolo kwa shopu yaikulu.

Akakubulokani musapepese. Tumizani mawu kudzera kwa agogo kuti, "Ndiimba Lamlungu 4 koloko monga mwa masiku onse," ndipo muimbedi. Adzalira, adzanena kuti simumukonda, mwina adzanena kuti munamutaya. Zidzakupwetekani poti mbali ina mumadziuza nokha zomwezo. Mumuyankhe kuti, "Ndimakukonda, ndakusowa, ndipo yankho ndi lomwe lija."

Chimene chinakupwetekani muli mwana si kutunga madzi kapena kuphika nsima. Chinali kumenyedwa ndi kutukwanidwa. Polumbira kuti ana anu sadzaona zomwe munaona, munataya zonse pamodzi. Ntchito zapakhomo mubwezeretse, chifukwa mng'ono wake akuonera.

*

Azakhali,

Tili ku Glasgow. Ine ndi bambo akunyumba timagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti osinthana. Mwana wathu wa zaka 9 ndinamuopseza ndi silipasi atakana kuzimitsa gemu, iye n'kunena kuti aimbira apolisi. Bambo ake akwiya kwambiri, akuti timutumize ku Malawi kwa achimwene awo akaongoke. Kodi kuno mwana salangidwa?

Mayi wothedwa nzeru, Glasgow

Amalangidwa, achemwali, koma samenyedwa. Ku Scotland kuyambira mu Novembala 2020 kumenya mwana mwa njira ina iliyonse, ngakhale kambama kamodzi, ndi mlandu, ndipo silipasi ili momwemo. Wales inatsatira mu 2022. Ku England lamulo likadali ndi kampata ka chilango chopepuka, koma osati chosiya bala kapena kutupa. Dziko loyamba kuletsa linali Sweden, mu 1979. Ndipo musaganize kuti n'za ku Ulaya kokha. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa linagamula mu 2019 kuti kholo silingadziteteze ponena kuti limangolanga mwana, ndipo Zambia inaletsa kumenya ana paliponse mu 2022. Kwathu kuno gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa chikwapu ngati chilango cha kukhoti, koma palibe lamulo lotchula mwachindunji za kukwapula kwa m'nyumba.

Ndiye mwana wanu sananame. Wanena zomwe amawaphunzitsa kusukulu, ndipo wazinena poona kuti zikuopsani. Musachite mantha, musapsenso mtima. Mumuuze modekha kuti n'zoona, simumumenya, koma gemu izima. Palibe wapolisi wa ku Glasgow amene adzagogode pakhomo panu chifukwa mwazimitsa intaneti 7 koloko, mwamutsukitsa mbale, kapena mwatenga chingwe cha gemu n'kupita nacho kuntchito m'chikwama sabata yathunthu. Muzimuchenjeza kukatsala mphindi 10, nthawi ikakwana muzizimitsa osakambanso zambiri.

Ndikukayikira kuti vuto lenileni ndi mashifitiwo. Mwana amakhala ndi inu masiku ena, ndi bambo ake masiku ena, aliyense atatopa, aliyense ndi malamulo ake, ndipo gemu ndi imene imamulera wina akagona. Khalani pansi awiri, mulembe malamulo papepala, mumate pa filiji, kuti asamanene kuti "adadi amandilola."

Zomutumiza ku Malawi ngati chilango, ayi. Mwana wa zaka 9 sadzamva kuti akukaphunzira khalidwe, adzamva kuti makolo ake amutaya, ndipo dziko la makolo ake adzaliona ngati ndende. Alamu anuwo ali ndi ana awo ndi mavuto awo, ndipo mwawerenga pamwambapa momwe kulera pa foni kumavutira. Ngati mukufuna adziwe kwawo, sukulu za ku Scotland zimatseka kumapeto kwa Juni mpaka pakati pa Ogasiti. Bwerani naye nonse, mudzabwererenso nonse. Ndipo muyambe kumulankhula Chichewa panopa, kuti akadzafika azidzamva zomwe agogo ake akumutuma.